Mphwanga Wadazi wa ku Tete

Anthu akandifunsa kuti kwathu tinabadwa angati, ndimayamba ndausa moyo. Yankho lake ndi lalitali, ndipo gwero lake ndi kachipinda kamodzi ka mumzinda wa Tete kamene ndinabwereketsa munthu wogulitsa nsomba. Ine ndinkangofuna wondithandiza kulipira nyumba basi. Zimene ndinadziputirazo ndikuzisenzabe mpaka lero, imvi zili mbuu.

Nkhondo itatha tinabwerera kuchokera ku Zambia, ine ndi amayi. Tinafika kwathu kufupi ndi Mualadzi n'kupeza mitengo itamera pamene panali nyumba yathu. Munthu mmodzi sanabwerere nafe, chifukwa ngakhale popita sanali nafe: mphwanga Mateyu. Tsiku limene tinathawa iye anali kubusa ndi mbuzi, akadali mwana, ndipo sitinamuonenso. Achibale ananena kangapo kuti timete maliro ake mitima ikhale pansi, koma amayi ankakana. "Manda ake sindinawaone," ankatero, n'kutola khasu ulendo wa kumunda. Masiku amenewo simukanawatsutsa, pakuti anthu amene tinawalira kale ankatulukira pamsewu wa ku Cassacatiza, mtolo uli pamutu, amoyo ndithu.

Ine khasu linandikana msanga. Malume anga, amene anali namwino ku Tete, anandipezera ntchito yonyamula matumba m'sitolo ina yaikulu, ndipo ndinkagona kwawo. Ankakhala mu predio, nyumba zosanjikizana zija anazisiya Apwitikizi boma n'kuzitenga. Yathu inali pamwamba penipeni: zipinda ziwiri ndi kakhonde. Mipope inalimo, yokongola bwino, koma madzi ankathera pansi, pa mpope umodzi wa pakhomo lolowera. Aliyense ankakwera ndi chidebe chake. Za kutentha kwa ku Tete sindikuuzani, kumeneko ngakhale mbuzi zimayenda zitatsamira khoma kufuna mthunzi.

Pasanathe nthawi malume anawasamutsira ku Beira. Pondipatsa kiyi anandikhazika pansi.

"Nyumba iyi ndi ya boma, koma ili m'dzina langa. Renda, ndalama ya nyumbayi, uzilipira iwe mwezi ndi mwezi. Tsono tamvera, lamulo sililola kubwereketsa. M'bale angagonemo, wolipira ayi. Akangomva kuti muli munthu wolipira alanda, ndipo ine ndikadzabwerako ndidzagona pamutu pako."

Ndinavomera zonse ndi mtima umodzi (kuvomera sikulemera, ndinazindikira pambuyo pake). Koma malipiro a wonyamula matumba ndi renda ya mumzinda ndi zinthu zosadziwana. Ndikalipira nyumba ndinkagona ndi njala, ndikadya ndinkagona ndi mantha. Ndiye chipinda cha malume chinali chongokhala, chikundiyang'ana.

Oyamba kuchipeza anali anthu a kwathu. Aliyense wa m'boma lathu la Chifunde wobwera kuchipatala kapena kudzasaka ntchito ankadziwa kuti mwana wa uje ali ndi nyumba yakumwamba. Amati mlendo ndi mame, koma mame a kwathu ngakhale dzuwa la ku Tete linalephera kuwaumitsa. Ankakhala sabata, ena mwezi, potsanzika n'kundisiyira dzungu. Kenako ndinalowetsa mphunzitsi wina mwakachetechete. Ameneyo anakhala mwaulemu kwambiri, sankapanga phokoso, ndipo tsiku lina anachokanso mopanda phokoso, pamodzi ndi chidebe changa ndi bulangeti la malume.

Apa m'pamene ndinakumana ndi a Zuze pamsika. Anali Msena wa ku Mutarara, Chichewa anachiphunzirira ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Ankagulitsa nsomba zouma zamchere za ku Chicoa ndipo ankagona pamatumba ake pamsika pomwepo. Anali bambo wamkulu thupi, wosayankhulayankhula, wondiposa zaka zambiri ndithu, mutu wonse uli dazi lopanda ndi katsitsi komwe. Tinamvana. Ndinawauza kuti azikwera mwakachetechete ndipo asamacheze ndi anthu.

A Zuze anasunga pangano. Nsomba zawo ndi zimene sizinasunge. Fungo linatsika masitepe onse mpaka linakagogoda kwa a Sekeletaliyo, bambo amene ankayang'anira predio yonse m'malo mwa boma. Iwowa ankakhala pansi, khomo lawo moyang'anizana ndi mpope, kotero kuti palibe ankamwa madzi osadutsa m'maso mwawo. Tsiku lina m'mawa anandipeza ndikutunga.

"Mwadzuka bwanji, a kwa anamwino? Kodi bambo amene akumakwera ndi matumba uja ndani?"

"Ndi m'bale wanga, a Sekeletaliyo."

"M'bale wotani? Mu predio muno aliyense ndi m'bale. Ndiuzeni bwinobwino."

Abale anga, pamenepa ndikanangoti msuweni. Mawu akuti msuweni ndi otakasuka ngati thumba la chimanga, mungaponyemo aliyense osang'ambika. Koma pakamwa panga panathamanga kusiya mutu kumbuyo.

"Ndi mphwanga."

A Sekeletaliyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mphwanu? Wadazi uja?"

"Nkhondo, a Sekeletaliyo. Wavutika kwambiri. Inatilekanitsa ali mwana, ndangomupeza kumene pamsika."

"Dzina lake?"

"Mateyu."

Sindinalisankhe dzinalo. Pakamwa panga sipadziwa dzina lina lobwera pambuyo pa mawu akuti mphwanga. Ndisanameze n'komwe malovu, akazi a a Sekeletaliyo, mayi Filomena, amene anali kumbuyo kwanga ndi ndowa, anaiponya pansi n'kuyamba nthungululu. Anali mtsogoleri wa amayi ku tchalitchi china cha Pentekoste, ndipo mawu awo ankafika pamwamba pamene madzi ankalephera kufika. Makomo anatseguka predio yonse.

Madzulo ake ndinawafotokozera a Zuze.

"Ine Mateyu?" anafunsa. "Inetu ndinayamba kumeta ndevu inu mukuyamwa."

"Mukufuna kubwerera kukagona pamsika?"

Anakanda dazi lawo kwa kanthawi.

"Chabwino, achimwene."

Ndisakunamizeni, masiku oyambirira ndinamva kukoma. Pagulu ndinkawatchula kuti iwe, iwo n'kumanditungira madzi monga ayenera kuchitira mng'ono. Bambo wamkulu chonchija akukwera masitepe ndi zidebe ziwiri, ine pambuyo manja m'thumba. Amayi a mu predio ankatitumizira tindiwo, ati mwanayo abwezeretse thupi (thupi lake liti, munthu woti pakhomo ankalowa chammbali). A Sekeletaliyo anasiya kufunsa za fungo. Renda inkalipidwa nthawi yake, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinagula nsapato zosavalidwapo ndi munthu wina. Ndinkadziona ngati wochenjera wa mumzinda.

Kenako mayi Filomena anati nkhani yotere siyoisunga m'nyumba, tikachitire umboni ku tchalitchi. Ndinayesa kudwala mutu, anati akaupempherera komweko. Lamulungu anatiimika kutsogolo, ine ndi mphwanga wadazi. Ndinayamba ndikufuna kungonena pang'ono. Koma nditafika pa tsiku lothawa lija, mbuzi zili kubusa, amayi akuitana dzina la mwana uku anthu akuwakoka, ndinapezeka kuti ndikunena zoona zokhazokha, ndipo ndinalira ngati mwana pamaso pa mpingo wonse. Nditacheuka ndinaona a Zuze nawonso misozi ili chuchuchu. Mumtima ndinati bambo awa ndi katswiri, akanakhala wa zisudzo. Sindinadziwe kuti akulira zawo.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti pampando wakumbuyo panali dalaivala wa lole yoyenda msewu wa ku Cassacatiza. Tsoka silinunkha. Munthuyo anakhudzidwa kwambiri ndi umboni wathu, moti ankaufotokoza paliponse pamene waima kuthira madzi mu injini. Kuchoka pamsewu waukulu nkhaniyo inakwera njinga, kenako inayenda pansi.

Tsiku lina masana ndikuchokera kuntchito, msana ukuwawa, ndinaona anthu ataunjikana pa mpope. Ndinaganiza kuti madzi avutanso. Nditayandikira ndinaona nkhuku yomangidwa miyendo, kenako mtolo, kenako mapazi afumbi amene ndikanawazindikira ngakhale pakati pa mapazi a dziko lonse. Amayi anali atakhala pamtolo wawo, atavala chitenje chimene ankasungira Khirisimasi. Munthu woti chibadwire anali asanapondeko ku Tete.

Sanandipatse moni.

"Ali kuti?"

Nkhope yawo inali ikuwala mmene ndinali ndisanaionepo chiyambire nkhondo. Ndinafuna kuthamangira kumsika kukawauza a Zuze kuti athawe, apite ngakhale ku Mutarara wapansi, koma mayi Filomena anali atandigwira mkono, akuti ndikhale pafupi ndi mayi anga pa ola lalikulu limeneli. A Sekeletaliyo anatulutsa mpando wawo wamphira n'kukhala kutsogolo ngati woweruza. Ndinagwira njakata.

Tinadikira. Thukuta limene ndinatuluka tsiku limenelo likanakwana kuchapira malaya. Kenako pakona panatulukira munthu wamkulu, thumba lili pamutu.

"Ndi uyo!" anakuwa mayi Filomena. "Mateyu, tula katunduyo, mayi ako abwera!"

A Zuze anaima. Anatula thumba pang'onopang'ono, dazi lija n'kung'anima padzuwa. Amayi anadzuka. Anayenda okha, anthu akupatuka, mpaka anaima pamaso pawo. Anawayang'ana kumaso nthawi yaitali. Anawagwira dzanja lamanzere n'kulitembenuza, pamene Mateyu anali ndi chipsera cha chikwakwa. Panalibe kanthu. Ine ndinaona kuwala kuja kukuzima pankhope pawo, ndipo mpaka lero ndikatseka maso ndimakuonabe.

A Sekeletaliyo anaweramira kutsogolo. Amayi akanangoti uyu si mwana wanga, kiyi ikanachoka m'thumba mwanga tsiku lomwelo, malume n'kukhala opanda nyumba. Ndipo ndikuuzani mwamanyazi kuti ngakhale pa nthawi imeneyo, mtima wa amayi ukusweka pamaso panga, kambali kena ka mutu wanga kankaganiza za kiyi.

A Zuze anagwada pafumbi, maso pansi. Amayi anacheuka n'kundiyang'ana kamodzi kokha. Kenako anaika dzanja padazi paja.

"Wakula," anatero.

Nthungululu zinaphulika. Mayi Filomena anayambitsa nyimbo, a Sekeletaliyo anapukuta m'maso ndi kolala ya malaya. Wina anati magazi ndi magazi, taonani mphuno zikufanana. Zinatenga nthawi kuti atisiye tikwere.

Amayi anakwera masitepe aja akupumira pa nsanja iliyonse, osalola kuti ndiwagwire. Titalowa ndinatseka chitseko. Ndinawapatsa mpando, anakana, anakhala pansi n'kutambasula miyendo. Anamasula mtolo n'kutulutsa kathumba ka mtedza wokazinga wothira mchere, umene Mateyu ankaba m'chiwaya usanapse. Anakaika pakati pathu. Kenako anayang'ana mlendo uja.

"Dzina lanu ndani, bambo?"

"Zuze, amayi. Pepani. Ndikhululukireni."

"Amayi anu ali kuti?"

"Kulibe."

"Abale?"

"Onse kulibe, amayi. Ndinabwerera kwathu, ndinapeza udzu."

Amayi anagwedeza mutu. Atatembenukira kwa ine ndinkayembekezera kuti akalipa, mwina kundimenya ndi nsapato, ndipo ndikanathokoza. Koma anayankhula motsitsa ngati akufunsa za mvula.

"Iwe, ndinayenda wapansi mpaka pa tala. Ndinakwera pamwamba pa matumba a chimanga. Madzi aakulu aja ndinawoloka nditatseka maso. Njira yonse ndimaimba, anthu akundiseka." Anapuma. "Bwanji sunangonena kuti ndi msuweni?"

Ndinayamba kufotokoza za lamulo, za malume, za a Sekeletaliyo, za renda.

"Renda n'chiyani?"

Ndinafotokoza. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye mwana wanga unamuitana kuti adzakulipirire nyumba."



Nkhuku inkadandaula pakhonde. Kenako amayi anakonza chitenje chawo monga amachitira akamaliza kuganiza.

"Pansi paja ndanena pamaso pa anthu kuti uyu ndi mwana wanga. Ine sindinama, bodza ndi ntchito yako. Ndiye ndi mwana wanga." Anakankhira mtedza kwa a Zuze. "Idya, iwe. Ndipo kuyambira lero usamupatsenso kanthu uyu. Mwana salipira pogona m'nyumba ya malume ake."

Basi renda inathera pomwepo. Ndinatsegula pakamwa, amayi anandiyang'ana, ndinatseka.

Anakhala nafe mpaka miyendo yawo itasiya kutupa, ndipo sinafulumire kusiya. Anatenga chipinda changa. Mphwanga anakhalabe m'chake, poti wavutika kwambiri (mawu anga omwe aja, amayi anawamva kwa mayi Filomena ndipo ankawabwereza tsiku lililonse). Ine ndinasamukira pakhonde kukagona ndi nsomba. Kuntchito anzanga ankandipatsa malo ambiri pa benchi. Nkhuku ija ndinapha ndine, a Zuze anadya ntchafu zonse ziwiri, ine anandipatsa khosi. Madzi ndinabwerera kutunga ndekha, chifukwa amayi anati sanaonepo mkulu wamanyazi ochepa chotere. Madzulo ndikamafika ndinkawapeza awiriwo akucheza, amayi akuwaphunzitsa mayina a azakhali ndi malire a minda yathu, iwo akubwereza mofatsa ngati mwana wa sukulu.

Tsiku lonyamuka tinawaperekeza pokwerera malole. Atakhala kale pamwamba pa katundu anatiitana tonse.

"Tikakolola mubwere nonse awiri. Tikamete."

Zaka zonse zija achibale analephera kuwanenetsa mawu amenewa, ndipo amene anawakakamiza kuwanena ndine, ndi bodza langa la pa mpope.

Tinapita. Kumudzi amayi anali atanena kale zoona zonse, osachotsapo kanthu, kotero kuti ana ankandiloza ndikamadutsa. Malume nawo anabwera kuchokera ku Beira. Poyamba anamva kuti mwana wa mlongo wawo wapezeka, anagula malaya a mnyamata, kenako anamva zinazo ali kale m'njira. Malayawo a Zuze sanawalowe ngakhale mkono umodzi. Malume sanandikalipire. Anangotambasula dzanja, ine n'kuikamo kiyi, iwo n'kuipereka kwa a Zuze.

"Uyu akuoneka wodekha. Iwe uzigona monga m'bale, lamulo limalola. Koma renda uzilipirabe, ndiwe wamkulu."

M'mawa wa tsiku lometa tinakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, achibale onse a Mateyu. Wometa anali nkhalamba ina ya m'mudzimo. Anameta amayi, anameta ine, anameta azakhali. Atafika pa a Zuze, amene anakhala kumapeto kwa mphasa mwamanyazi, anaima, lumo lili m'manja.

"Nanga apa ndimetepo chiyani?"

Anthu anaseka, ngakhale inali nthawi ya maliro. Amayi sanaseke.

"Mumeteni," anatero. "Nayenso wataya m'bale."

Nkhalamba ija inanyowetsa dazi lija ndi madzi n'kuyendetsa lumo mosamala, kuchokera pamphumi mpaka pankhongo, ngati pali tsitsi lambiri. Palibe chinagwa pansi. Kuseka kunatha kokha. A Zuze anaweramitsa mutu, mapewa akugwedezeka, ndipo amayi, amene chiyambire nkhondo anali asanalire mokweza, analira mwana wawo tsiku limenelo mpaka mawu anatha.

Ku Tete ndinakhalako zaka zina zingapo, mlendo m'nyumba imene ndinkalipira ndekha, ndikupempha kiyi kwa mphwanga ndikafuna kubwera mochedwa. Pa mpope ankatchedwabe Mateyu, kumudzi Zuze, ndipo konse ankavomera. Amayi anawapatsa munda wa kuchulu, umene ine ndinkauyembekezera. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Sananene kuti ngakhale chongopeka pa mpope nacho sichiola.

Amayi anatisiya kalekale. Mpaka kumapeto, munthu akawafunsa za ana, ankati, "Ndinabereka awiri. Wina inatenga nkhondo, wachitatu linabweretsa bodza la uyu." A Zuze akalamba tsopano, amayenda ndi ndodo, koma chaka chilichonse amabwera kudzalambula manda a amayi, n'kukhala pampando wanga wabwino, n'kumanditchula achimwene pamaso pa adzukulu anga osokonezeka.

Ndiye inu a mumzinda amene muli ndi kachipinda kongokhala, ine ndatopa, sindikuletsani. Bwereketsani. Koma akakufunsani pa mpope kuti munthuyo ndani, pumani kaye, mezani malovu, munene kuti msuweni.